Kamera ikasandutsa choyera ndi chakuda kukhala phulusa

M'Chichewa mawu oti kujambula ndi amodzi koma ntchito zake ndi ziwiri. Wogwira pensulo akujambula, wogwira kamera nayenso akujambula. Ine ndine wa kamera, ndipo ndimadyera zinkhoswe ndi maukwati kuno ku Dedza. M'mawa wina wa mwezi wa June, nkhungu isanachoke paphiri, kunandifikira mnyamata wa pensulo atapanira pepala lalikulu pakati pa makatoni awiri. Anali atajambula agogo ake aakazi ndi makala: duku lakuda bii, makwinya a pachipumi owerengeka limodzilimodzi, kadontho koyera m'diso lililonse, ndipo kumbuyo konse pepala analisiya loyera mbee. Kenako anatulutsa foni.

"Achimwene, taonani. Pepala ili ndi loyera, koma mufonimu likuoneka ngati ndalitola padzala. Duku la agogo ndachezera usiku wonse kulidetsa, apa langotuwa. Foni yangayi ndi yachabe kodi?"

Ankafuna kutumiza chithunzicho kwa munthu wa ku Lilongwe amene anali ndi chidwi chomupatsa ntchito. Ndinamuuza kuti asathamangire kugulitsa foni. Chojambula chake, ngakhale chinali choyera kwambiri mbali ina ndi chakuda kwambiri mbali ina, chinali chokwanira bwinobwino mu mphamvu ya kamera iliyonse ya masiku ano. Chimene chinamupweteka ndi zinthu ziwiri: mita ya kamera, ndi kuwala kumene anajambulirako. Anthu ambiri amaganiza kuti vuto la zojambula zotere limatha ndi kamera yodula. Ine ndaona kuti kawirikawiri limatha ndi kusuntha pepala kuchoka pabwalo kupita pakhonde.

Mita imene siidziwa chimene yaloza

Kamera iliyonse ili ndi mita yoyezera kuwala, koma mitayo siizindikira zinthu. Siidziwa kuti ili ndi pepala, ili ndi khala. Opanga makamera anaiphunzitsa ganizo limodzi lokha, lakuti zonse za patsogolo pake zikasakanizidwa zimatuluka zotuwa pakatikati, mtundu umene umabweza pafupifupi magawo 18 pa magawo 100 a kuwala kougwera. Pamsika, pabwalo la mpira kapena m'munda wa chimanga ganizo limeneli limagwira ndithu. Koma pepala loyera limabweza magawo 85 mpaka 90. Mita ikaona zimenezo imati, ichi ndi chinthu chotuwa chimene chawalidwa mopitirira, ndiye imachepetsa kuwala kolowa mpaka pepala lija litatuwadi. Mukailozetsa pa chiboliboli chakuda imalakwa mbali ina: imati pano pada, n'kutsegulira kuwala kochuluka, chakuda chija n'kusanduka mbuu. Aliyense wojambula paukwati amalidziwa vutoli, chifukwa diresi la mkwatibwi ndi suti ya mkwati zimaima pamodzi tsiku lonse.

Kuti timvane bwino tiyenera kuwerenga kuwala mmene ojambula amawerengera. Kuwala kukawirikiza kawiri timati kwakwera stop imodzi, ndipo kukachepa ndi theka kwatsika stop imodzi. Pano ndiziti sitepe. Malo amene mnyamata uja anadetsa kwambiri ndi makala amabweza magawo 3 kapena 4 okha. Tiyeni tiwirikize kuyambira pa 3: tifika pa 6, pa 12, pa 24, pa 48, kenako pa 96. Ndiye kuti kuchokera pa duku la agogo kukafika pa pepala loyera pali masitepe pafupifupi 5 basi. Kamera yabwino yosintha malenzi, ikakhala pa ISO (nambala yosonyeza mmene kamera ikumvera kuwala) yotsikitsitsa, imasunga masitepe 12 mpaka 14. Foni imasunga ochepa, koma 5 siingalephere. Pepala, penti, nsalu ya batiki ndi mbale yadothi sizitulutsa kuwala kwawokwawo, zimangobweza, choncho kusiyana kwa choyera ndi chakuda pa izo kuli ndi malire.

Masamu omwewa amatiuza mmene tingakonzere mita. Kuchokera pa 18 kukafika pa 72 ndi masitepe 2, ndipo pepala lili pamwamba pang'ono pa 72. Ngati pepala loyera ladzaza chithunzi chonse, kanikizani batani lokhala ndi zizindikiro za + ndi - mukweze kufika pa +1.7 kapena +2. Ngati theka ndi lakuda theka loyera, +0.7 kapena +1 imakwana. Pa chinthu chakuda chodzaza chithunzi, tsitsani kufika pa -1 kapena -2. Pafoni mumagusa pa chojambulacho, kenako kachizindikiro ka dzuwa kaja mumakakwezera m'mwamba kapena kukatsitsa. Njira yodalirika koposa ndi kugula khadi lotuwa la ojambula, kuliika patsogolo pa chojambulacho, kuyezera kuwala pakhadipo, n'kutseka manambalawo pa M, pamene mumasankha manambala nokha osati kamera, kuti asasinthenso. Mukatero mukhoza kujambula mapepala 20 motsatizana, ena oyera kwambiri ena akuda kwambiri, onse n'kutuluka olingana.

Koma pokweza pali phompho. Mkati mwa kamera muli sensa, kachipangizo kokhala ndi timaenje mamiliyoni ambiri totolera kuwala. Kaenje kalikonse kali ngati ndowa yoyezera mbatata ya kachewere pamsika wa Lizulu: ikadzaza mpaka kusongoka, mbatata ina iliyonse imene mungaikepo imangogubuduka pansi, ndipo simungadziwenso kuti munathira zingati. Malo oyera akadzaza motero, mizere yopyapyala ya pensulo ndi maonekedwe a pepala zimapita osabwerera. Palibe kompyuta imene ingazibweze, chifukwa sizinalembedwe n'komwe. Kumbali yakuda nkhani ndi ina. Zinthu zimakhalamo, kungoti zasakanikirana ndi timadontho tokhala ngati mchenga, ndipo mukaziwalitsa timadonthoto timawalanso. Akuluakulu amene anaphunzira ndi filimu ankaphunzitsidwa kusamala mbali yakuda poyamba, popeza filimu inkapirira kuwala kochuluka. Kamera ya digito imafuna motembenuza: muteteze choyera.

Pali chifukwa china chimene timakankhira kuwala kufupi ndi malire koma osawadumpha. Sensa imawerenga kuwala mowongoka: kuwala kukawirikiza kawiri, nambala imene imalemba nayonso imawirikiza kawiri. Fayilo ya RAW imasunga zonse zimene sensa yawerenga. Ya mtundu wa 14-bit ili ndi milingo ya kuwala 16,384, ndipo theka lake, milingo 8,192, limathera pa sitepe yowalitsitsa yokha. Sitepe yotsatira imalandira 4,096, yotsatira 2,048, kumangotsika choncho. Mukajambula moderapo n'kuyembekeza kukawalitsa kunyumba, ndiye kuti duku la agogo mwaliika kumene milingo ndi yochepa. JPEG, fayilo yamasiku onse ya zithunzi, ndiye ili ndi milingo 256 yokha pa mtundu uliwonse mwa itatu, wofiira, wobiriwira ndi wabuluu, ndipo kamera imakhala itataya kale zambiri. N'chifukwa chake pa ntchito iyi ndimajambula RAW nthawi zonse. Mafoni ena a masiku ano amatha kutero mukasankha Pro mu kamera yake.

Musakhulupirire kuwala kwa sikirini ya kumbuyo, makamaka masana panja. Onani histogram, kachithunzi kokhala ngati mapiri kamene kumanzere kwake ndi kwakuda, kumanja ndi koyera. Chojambula cha makala chimatulutsa mapiri awiri, lina kumanzere lina lalitali kumanja, pakati pali chigwa. Zimenezo si vuto, ndi mmene chojambulacho chilili. Chofunika n'chakuti phiri lakumanja lifike pafupi ndi khoma koma lisatsamire. Yatsaninso chenjezo lija limene limaphethiritsa malo opserera, ndipo pakaphethira papepala, tsitsani pang'ono.

Kuwala ndiko kumabweretsa mlandu

Mnyamata uja anajambula chithunzi chake atachitsamiritsa pakhoma, pansi pa mtengo wa pichesi, dzuwa likudutsa m'masamba. Pakati pa dzuwa ndi mthunzi pali masitepe 3 kapena 4. Muwonjezere pa 5 aja: pepala loyera lili padzuwa, duku lakuda lili mumthunzi, mwafika kale pa 8 kapena 9, ndipo apa foni imayamba kupuma wefuwefu. Choipa kwambiri n'chakuti mawangamawanga a dzuwawo amaoneka ngati mbali ya chojambula. Diso lathu siliona zimenezi chifukwa limasintha lokha likamayenda kuchoka powala kupita pamthunzi, ndipo ubongo umadziwa kale kuti pepala ndi loyera. Kamera imatenga zonse kamodzi.

Tinasamutsira pepalalo pakhonde la nyumba yopaka laimu, pamene dzuwa linali lisanafike koma thambo lili poyera. Kuwala kwa pamalo otere kumachokera mbali yaikulu, n'kofewa, ndipo kumagwa mofanana. Mbali ya kukhoma inali yoderapo, ndiye tinaimika katoni yokutidwa ndi nsalu yoyera kuti ibweze kuwala. Nsaluyo ikhale yoyeradi. Chitenje chamaluwa chimapaka mtundu wake papepala, monganso dothi lofiira la pabwalo ndi masamba a mitengo. Masiku a mitambo a m'nyengo yozizira, amene ojambula maukwati timadandaula nawo, ndi abwino zedi pa ntchito iyi.

Mdani wachiwiri ndi kunyezimira, ndipo ameneyu ndiye amapha chakuda. Kuwala kukagunda chinthu chosalala kumadumpha ndi kupendekeka komwe kunabwerera, monga mpira wogunda khoma. Ngati kamera yaima pamene kuwalako kukudumphira, imaona nyali kapena zenera m'malo moona penti. Tiyerekeze kuti kunyezimirako kwawonjezera magawo 10 paliponse. Choyera chichoka pa 90 kufika pa 100, ndipo palibe angazindikire. Koma chakuda chichoka pa 3 kufika pa 13. Masitepe 5 aja atsala 3. Apa m'pamene anthu amati chithunzi chasuluka. Pensulo yodetsa kwambiri imanyezimira ngati chitsulo, penti yamafuta ndi vanishi nazonso zimatero, osanenanso mbale ndi makapu opakidwa mankhwala onyezimiritsa monga zimene amaumba ku Dedza Pottery. Fulashi ya pamwamba pa kamera ndiyo yoipitsitsa, chifukwa imawombera kutsogolo ndipo kuwala kumabwerera molunjika mu lenzi. Izimitseni.

Mukamagwiritsa ntchito nyali, zikhale ziwiri zofanana, ina kumanja ina kumanzere, iliyonse itapendekeka madigiri 45 kuchokera pa chojambula, kuti kunyezimira kudumphire kumbali osati ku kamera. Nyalizo zikhale patali. Kuwala kumatsika mofulumira: mtunda ukawirikiza kawiri, kuwala kumatsala gawo limodzi mwa magawo 4. Nyali imene ili mita imodzi kuchokera m'mphepete mwa pafupi koma mamita 2 kuchokera m'mphepete mwa kutali imasiyanitsa mbali ziwirizo ndi masitepe 2 athunthu. Mukaikankhira kumbuyo, kusiyanako kumachepa. Kuti muone ngati nyali zalingana, imikani pensulo pakati pa pepala, nsonga ikuloza ku kamera. Itulutsa mithunzi iwiri, ndipo iyenera kukhala yoda mofanana. Mababu akhale a mtundu umodzi, osasakaniza loyera ndi lachikasu, komanso osasakaniza babu ndi kuwala kwa pazenera. Magetsi athu amayenda pa 50 Hz ndipo mababu ena amaphethira mosaoneka ndi maso, choncho liwiro la shutter, kachitseko kolowetsa kuwala mu kamera, likhale 1/50 ya sekondi kapena lochedwerapo, apo ayi muona mizere yoderapo yodutsa pachithunzi.

Pali galasi lina lovalitsa kutsogolo kwa lenzi lotchedwa polariser. Mukamalizungulira, kunyezimira kwa pa vanishi, pa galasi ndi pa mbale kumachepa mukuona. Limadya kuwala masitepe 1 mpaka 2, ndipo siligwira bwino pa chitsulo. Osunga zinthu zakale m'nyumba zazikulu amaikanso pepala la mtundu womwewo pa nyali zawo, molitembenuza mopingasana ndi la pa lenzi, ndipo kunyezimira kumatheratu. Koma chenjerani: mukachotsa kunyezimira konse, penti yamafuta imaoneka yakufa ndipo mitundu imalimba kuposa mmene ilili.

Chojambula chikakhala m'felemu ya galasi, chabwino n'kuchitulutsa ngati mwini wake walola. Zikakanika, zimitsani zowala zonse za kumbuyo kwanu, pachikani nsalu yakuda patsogolo pa kamera, mubowole pongokwana lenzi. Valani zakuda. Malaya oyera amaoneka bwinobwino m'malo akuda a chojambula. Ndipo pukutani lenzi, makamaka ya foni imene imakhala m'thumba ndi m'manja a mafuta a chipisi. Lenzi yothimbirira imamwaza kuwala kwa pepala loyera n'kukuthira pa malo akuda.

Za kaimikidwe n'zachidule. Kamera ikhale pa tripod (choimikira cha miyendo itatu), ISO 100, bowo la lenzi pa f/8, ndipo muike nthawi yodikira ya masekondi 2 kuti dzanja lisaigwedeze. Imani chapatali ndi lenzi ya 50 mm kapena yotalikirapo, pafoni sankhani 2x, chifukwa lenzi yotambalala imapinda mizere ya m'mphepete. Kuti kamera iyang'ane molunjika, ikani kagalasi kodziyang'anira pakati pa chojambula: mukaona lenzi yanu pakati penipeni pa kagalasiko, mwalunjika. Mtundu wa kuwala nawo muukonze ndi khadi lotuwa lija, popeza pa muyeso wa mtundu wa kuwala, wolembedwa K, dzuwa lili pafupifupi pa 5,500 K, mthunzi umapitirira 7,000 K ndipo umakokera kubuluu, pamene babu lachikasu lili cha pa 2,700 K.

Ziboliboli zimafuna nzeru ina. Amene anafikapo ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a chikhalidwe ndi luso a Kungoni mu 1976, amadziwa kuzama kwa ntchito ya osema a kumeneko. Chosema cha mtengo wakuda monga phingo, kapena chimene achidetsa ndi polishi wa nsapato monga amachitira ena ogulitsa m'mbali mwa msewu, sichioneka ndi kuwala kokha ayi. Chinthu chakuda chosalala timachiona chifukwa cha zimene chikunyezimiritsa. Mukachotsa kunyezimira konse mutsala ndi chimdima chooneka ngati munthu. Apa simufuna kupha kunyezimira koma kukuweta: ikani chosemacho pafupi ndi khomo lotsegula kapena nsalu yaikulu yoyera, kuti kuwala kuyale mofewa pamphumi, pamasaya ndi m'mizere ya sompho. Kumbuyo musaike pepala loyera mbee, chifukwa mukhala mukudzipangira nokha vuto lomwe lija. Nsalu yotuwa imathandiza. Ndipo pamalo ngati amenewo funsani kaye chilolezo musanatulutse kamera.

Pamene chojambula sichingasunthidwe

Zonsezi zimaphweka chifukwa pepala limanyamulika. Thanthwe silinyamulika. M'mapiri a Chongoni muli malo 127 okhala ndi zojambula za pamiyala, ndipo UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Odziwika kwa alendo ndi Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Zojambula zake zili mitundu iwiri ikuluikulu. Zofiira, za mizere, zozungulira ndi madontho, ndi zakale kwambiri ndipo amati zinajambulidwa ndi Abatwa, amene makolo athu ankawatcha Akafula. Zoyera anazipaka Achewa ndi dothi loyera, zina zokhala ngati nyama zotambasula miyendo zokhudzana ndi chinamwali, zina za zinyau monga kasiyamaliro, ndipo zina mwa izo zinajambulidwa m'zaka za m'ma 1900 zomwe.

Kwa wojambula, phanga limasonkhanitsa mavuto onse pamalo amodzi. Dothi loyera lili pa mwala wothimbirira, pena wodetsedwa ndi utsi kapena mizere ya madzi a mvula. Pansi pa zoyerazo pakhoza kukhala zofiira zofufuma zimene diso limaziona movutikira. Ndiye pali denga la phanga, limene limadula khoma pakati: kumtunda mthunzi wandiweyani, kumunsi dzuwa. Chojambula chimodzi chikhoza kukhala mutu uli mumdima, miyendo ili padzuwa. Palibe batani limene lingakonze zimenezi mokhutiritsa. Ulendo wanga woyamba ndinafika masana, ndinajambula mothamanga, ndipo kunyumba ndinapeza zoyera zonse za padzuwa zitapserera, zofiira zitamira mumdima. Ulendo wachiwiri ndinakhala pansi n'kumaonerera mzere wa mthunzi ukuyenda pang'onopang'ono pamwala mpaka khoma lonse litalowa mumthunzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Funsani wokuperekezani kuti dzuwa limachoka nthawi yanji pa khoma limene mukulifuna, chifukwa phanga lililonse layang'ana kwake, ndipo iye amalidziwa kuposa inu.

Khoma lonse likakhala mumthunzi, yezerani kuwala pa dothi loyera, mukweze sitepe imodzi ndi theka kapena 2, muone histogram, ndipo thambo ndi tchire lowala zisalowe m'chithunzi. Mthunzi wa m'phanga uli ndi mtundu wakewake, chifukwa kuwala kumayamba kwagunda dothi la pansi kenako n'kukwera kukhoma. Jambulani khadi lotuwa kamodzi pamalopo, wina ataligwira m'manja pafupi ndi mwala koma osakhudzitsa, pamodzi ndi lula yosonyeza kukula kwa chojambula. Ngati kadzuwa kakang'ono katsalira pakona, mnzanu akatchinge ndi ambulera yakuda kapena yoyera. Kuwala kochokera m'mbali mokwawa pamwala kumatulutsa zigodigodi zonse za thanthwe, ndipo n'kwabwino pa zogoba, koma pa zopaka kumasokoneza, chifukwa timithunzi ta mwala timapikisana ndi utoto.

Nthawi imodzi yokha imene kusiyana kwa kuwala kumaposadi mphamvu ya kamera ndi pamene mukufuna phanga lonse pamodzi ndi chigwa ndi mapiri a kutsidya. Apo jambulani katatu kamera isanasunthe, pa -2, pa 0 ndi pa +2, mukaziphatikize pakompyuta. Ndi zimene zimatchedwa HDR. Foni imachita zimenezi yokha popanda kukufunsani, ndipo pa malo okongola imachita bwino. Pa chojambula cha munthu ndimaizimitsa, chifukwa imawalitsa malo amene mmisiri anawadetsa dala, n'kudetsa amene anawasiya oyera, komanso imazunguliza kamkombero kowala m'mphepete mwa mizere yakuda.

Chinthu chimodzi chimandiwawa mtima ndipo ndichinene mosabisa. Pali anthu amene amathira madzi pa zojambula za pamiyala kuti mitundu ituluke m'chithunzi, ena amazungulizira ndi choko. Madzi amasungunula dothi loyera ndipo amakoka mchere wa mumwala umene umadzaphimba utoto ukauma. Chithunzi chimodzi chokoma chimalipiridwa ndi chinthu chimene chakhala pamenepo mibadwomibadwo. Ngakhale dzanja lokha limasiya mafuta. M'mapanga ena muli kale mayina a anthu olembedwa ndi makala pamwamba pa ntchito ya makolo. Ndipo palibe chifukwa chothirira madzi, popeza zofufumazo zimatha kutulutsidwa pakompyuta. Pulogalamu yotchedwa DStretch, imene Jon Harman anakonzera ofufuza zojambula za pamiyala, imatenga mitundu yoyandikana kwambiri n'kuitalikitsa, moti mzere wofiira umene sumaoneka umatulukira poyera. Mitundu imene imatuluka si yeniyeni, ndi yofufuzira chabe, choncho pogawana ndi anthu ikani chithunzi chenicheni pambali pake. Pulogalamuyi imakulitsanso zilema za JPEG yofinyidwa, n'chifukwa china chojambulira RAW. Kumbukiraninso kuti zina mwa zojambulazi zimakhudza za kudambwe ndi za kutsimba. Eni mwambo alipo, ali m'midzi yozungulira phiri. Kujambula mwala n'kwina, kumasulira tanthauzo lake pa Facebook n'kwinanso.

Pokonza chithunzi kunyumba, muyeso ndi chojambula chenichenicho. Chiikeni pambali pa kompyuta ngati chilipo. Mapulogalamu aulere monga darktable ndi RawTherapee amatsegula RAW, pafoni Snapseed imatsegula mafayilo a RAW a mtundu wa DNG. Yambani ndi mtundu, pogusa pa khadi lotuwa. Kenako ikani choyera cha pepala cha pa 235 mpaka 245 pa milingo 256 ija, osati pa 255 pamene pali pamapeto penipeni, kuti pepala lioneke kuti ndi pepala. Chakuda kwambiri chikhale cha pa 15 kapena 20, kuti m'duku muonekebe kuti dzanja linadutsa kangapo. Chiyeso chachikulu ndi kuwonjezera contrast, kusiyana kwa choyera ndi chakuda, mpaka chithunzi chitawala kuposa ntchito yeniyeni. Pasikirini chimakoma, koma wogula akalandira pepala lake amaona ngati mwamupusitsa, ndipo amene amataya dzina ndi mmisiri, osati inu. Potumiza pa WhatsApp sankhani kutumiza ngati document, chifukwa njira yamasiku onse imafinya chithunzi ndipo malo oderapo osalala amasweka kukhala timabokosi.

Cha agogo chija tinachijambula ndi foni yake yomwe, osati kamera yanga, chifukwa ndinkafuna aone yekha. Tinachipachika ndi tepi pa bolodi pakhonde, nsalu yoyera kumanzere, foni itatsamira pa mulu wa mabuku pamwamba pa tebulo, HDR yozimitsa, lenzi yopukuta, 2x, kachizindikiro ka dzuwa kaja titakakweza mpaka pepala litayera koma mizere ya tsitsi la imvi lotuluka m'mphepete mwa duku ikuonekabe. Tinajambula kanayi, kusintha pang'onopang'ono. Anakulitsa chachitatu ndi zala ziwiri mpaka padiso, n'kupeza kadontho koyera kaja kali pomwe anakasiya.

"Achimwene, kunyumba kwatsala zina 6. Mawa ndibwere nthawi yanji?"

Ndinamuuza kuti afike isanakwane 9 koloko, chifukwa ikapitirira pamenepo dzuwa limakhala litakwera pakhonde.